Tingapite kuti ndi ana kupatula kumakatungwe a ku Lilongwe?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa m'tauni ya Kasungu, amene ali ndi ana atatu a zaka 14, 9 ndi 4. Mayiwa akuti pa tchuthi cha Khirisimasi chilichonse banja lawo limapita ku Lilongwe, kumalo ena osewerera ana kumene kuli makatungwe, tigalimoto ta magetsi, zibaluni zodumphapo ndi dziwe losambiramo. Ana awiri aang'onowo safuna n'kumva komwe za malo ena, koma wamkuluyo kunamukwana, bambo a kunyumba akudandaula kuti ndalama zikungothera pa matikiti ndi tchipisi, ndipo apongozi awo aakazi, amene amakhala nawo pakhomo, amangoswera pabenchi kudikira nthawi yobwerera. Banjali lili ndi galimoto yaing'ono, ndipo mayiwa akufuna kudziwa kumene angapite kwina ndi mmene angasankhire malowo popanda kuliza ana.

Mayi, musanafunse za malo, yambani mwafufuza chimene ana anuwo amakondera kumene munazolowerako, pakuti kawirikawiri chimene chimawakoka si katungwe weniweniyo. Mwana wa zaka zinayi amakonda kuviika miyendo m'madzi, kuthamanga popanda womukalipira, kudya chakudya chimene sachiona pakhomo, ndiponso kufika pamalo amene akuwadziwa kale, pamene palibe chomuopsa. Wa zaka 9 amafuna liwiro ndi mpikisano, kuti akapeze chosimbira anzake sukulu ikatsegulidwa. Afunseni mmodzimmodzi, mnzake asakumva, chifukwa mukawafunsa pamodzi wamng'ono amangobwereza mawu a mkulu wake. Mukapeza kuti nkhani yagona pa madzi, ndiye kuti mukufuna gombe la nyanja, ndipo ikakhala pa liwiro, mukufuna kumene kuli njinga kapena boti. Malo atsopano amene mulibe chinthu chimene mwanayo amachikonda, ngakhale akhale otchuka chotani, iye adzawaona ngati chilango.

Pachifukwa chomwecho, musalengeze kuti chaka chino ku Lilongwe kulibe. Mukatero, njovu iliyonse imene adzaione adzaiyerekeza ndi chibaluni chimene mwawamana, ndipo ulendo wonse udzathera kunyinyirika. Langizo langa n'lakuti ulendo watsopanowo muuike pa tchuthi china, wa ku Lilongwe muusiye pamalo pake koma muuchepetse, mwina ukhale wa tsiku limodzi m'malo mogonako. Izi zikugwirizananso ndi nyengo. Khirisimasi ndi nthawi yoipa yokaona nyama: mvula imakhala itayamba, udzu watalika, misewu ya m'nkhalango ili matope okhaokha oti galimoto yaing'ono imatitimira, ndipo nyamazo zimabalalika chifukwa madzi amapezeka paliponse. Ndi nthawinso imene malo ogona alendo amadzaza ndi kukwera mitengo, pamene m'thumba mukulimbirana feteleza wobereketsa ndi fizi ya mu Januwale. Tchuthi chachitali cha kumapeto kwa Julayi ndi mwezi wa Ogasiti ndicho choyenera. Misewu imakhala youma, kutentha sikunayambe, udzudzu umachepako, ndipo kuno ku Kasungu ndalama zimakhala zikuyendayenda, fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zitachoka m'minda. Chovuta chake n'chakuti ndi nyengo ya mphepo ya mwera panyanja ndi ya chisanu kumapiri, ndipo ndinenapo za zimenezi kutsogoloku. Za tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, ndingoti ngati muli ndi mwana wa zaka zinayi musapite kugombe lotchuka patsikulo, chifukwa khamu limene limasonkhanako, mabasi, phokoso ndi mowa, zimachititsa kuti kholo lithere tsiku lonse kuwerenga mitu ya ana.

Kutalika kwa ulendo kuyezedwe ndi anthu awiri, mwana wamng'onoyo ndi agogo ake. Onse awiri sapirira kukhala m'galimoto kupitirira maola atatu kapena anayi osatopa, ndipo akatopa iwo, onse atopa. Kuchokera ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo mtunda umenewu mukuudziwa kale kuti banja lanu limaukwanitsa. Mukauzunguliza mbali zonse, mupeza kuti nkhalango ya Kasungu, Nkhotakota, Ntchisi ndi m'munsi mwa mapiri a Viphya zili m'kati mwake kapena m'mphepete mwake, pamene Salima ndi Dedza zikupitirira mtundawu. Mangochi, Liwonde, Zomba ndi Mulanje ndi maulendo odya tsiku lathunthu popita ndi lina pobwera, kotero amafuna masiku osachepera asanu ndi ndalama za mafuta zochuluka. Ulendo woyamba wosiyana ndi chizolowezi usakhale wautali choncho.

Mukandifunsa malo amodzi oyambira, ine ndikuti Nkhotakota, ndipo chifukwa chake n'chakuti kumeneko aliyense wa m'banja lanu ali ndi chake, komanso msewu womwewo ndi gawo la chisangalalo. Msewu wa M18 umachoka ku Kasungu kudzera ku Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981, n'kupitirira ku Malomo, kenako n'kulowa m'kati mwenimweni mwa nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota usanatsikire kunyanja. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndipo kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks limaiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozemba anazimaliza mpaka zinatsala zosakwana 100, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinanyamulidwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete n'kudzatulidwa kumeneku. Nkhani imeneyi muwafotokozere ana muli m'galimoto, asanafike pageti, chifukwa mwana amene wamva kuti njovu inagonekedwa ndi mankhwala, n'kukwezedwa ndi makina itamangidwa miyendo, n'kuyenda ulendo wautali pa lole, amayang'ana m'tchire ndi maso ena. Dutsani masana, yendani pang'onopang'ono, ndipo mukakumana ndi njovu pamsewu imani patali, osaliza hutala, osatuluka m'galimoto, mpaka zitadutsa zokha.

M'nkhalango yomweyi mumadutsa mtsinje wa Bua, womwe uja ana anu amauwoloka pamlatho nthawi zonse popita ku Lilongwe. Umachokera ku Mchinji, ndipo pamsewu wa M1 umaoneka wofatsa, koma ukafika kuno umatsika m'miyala ndi mkokomo, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje imene nsomba ya mpasa imakwera kuchokera m'nyanja kukaikira mazira. M'mbali mwake muli malo ogona alendo ndi omanga matenti, ndipo alendo amaloledwa kuyenda pansi motsogozedwa ndi agemu. Kuyenda pansi kumakhala ndi malire a zaka, choncho funsani pasadakhale ngati wa zaka 9 angaloledwe. Wamng'onoyo atsale ndi agogo pamalo otetezedwa.

Tauni ya Nkhotakota ndi buku la mbiri limene mwana wanu wamkulu akuliphunzira kusukulu. Kumeneku n'kumene kunkakhala a Jumbe, Aswahili amene ankasonkhanitsa akapolo ndi minyanga ya njovu n'kumawolotsa nyanja pa ngalawa za matanga, ulendo wa ku Kilwa kugombe la nyanja ya mchere. Mtengo umene anthu amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ulipobe, pafupi ndi mishoni ya Anglican, ndipo pamishoni pomwepo pali manda a bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, yemwe dzina lake linapatsidwa kwa sitima yakale ija. Mwana wa zaka 14 amene wakhala akuloweza mayinawa pokonzekera mayeso akaima pansi pa mtengowo, n'kuyang'ana kutsidya kumene anthu ankapita osabwerera, sadzafunanso kuloweza. Kufupi ndi boma kulinso akasupe a madzi otentha otumphuka pansi, ndipo ana aang'ono amadabwa kuona madzi akufuka nthunzi popanda moto. Chakumwera, pamsewu wa ku Salima, kuli malo oumbira mbiya ndi makapu m'mphepete mwa nyanja, komanso dziwe la Chia, pamene asodzi amaima pamlatho atatukula chambo ndi kampango m'mwamba kuti oyenda pagalimoto aone. Apongozi anu apatseni udindo wonenerera mtengo ndi wosankha nsomba, ayang'ane makha ndi maso ake ngati ili yatsopano, ndipo musadabwe wogulitsa akaimangirira pagalasi la kunja kwa galimoto kuti mphepo iziiomba. Mpunga wa ku Nkhotakota nawo ndi woti agogo abwerere nawo kunyumba.

Kunyanja n'kumene dziwe losambiramo la ku Lilongwe limaiwalika msanga, koma n'kumenenso kholo liyenera kutsegula maso. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mwera umakuntha kuchokera kumwera, ndipo nyanja imene inali bata m'mawa ikhoza kuwinduka pofika masana. Ana asambe m'mawa, pamadzi osapitirira m'chiuno, munthu wamkulu mmodzi ali m'madzi momwemo osati pamchenga ndi foni m'manja. Musakweze mwana m'boti kapena m'bwato lopanda majekete oyandamitsa, ngakhale mwini wake alumbire kuti anabadwira panyanja. Pewani mathiriro a mitsinje ndi malo a bango, chifukwa n'kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo funsani anthu a pamalopo musanalowe m'madzi. M'madzi odekha a m'bango ndi m'ndere n'momwenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Kusamba pamchenga poyera pamene mafunde akuomba kumachepetsa chiopsezo koma sikuchichotseratu, choncho pakapita masabata 6 mpaka 8 mutabwerako, pitani nonse kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, kuti akuyezeni ndi kukupatsani praziquantel ngati kuli kofunika. Mwana akayamba kukodza magazi musadikire masabatawo. Malungo kunyanja ndi ochuluka kuposa kuno kumtunda. Tengani masikito anu ngakhale malo ogonawo alonjeze kuti ali nawo, pakuti ambiri amakhala obooka, ndipo mwana akatentha thupi muli komweko kapena mutabwerako, akayezedwe tsiku lomwelo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinayambe ndi nkhalango ya Kasungu, imene ili pakhomo panu. Ndi malo oyenera kuwaona, ndipo n'zochititsa manyazi kuti anthu ambiri a m'tauni muno anakalamba osalowamo, pamene alendo amachokera kutsidya kwa nyanja kudzagonamo. Inakhazikitsidwa ngati paki mu 1970, ndi yachiwiri kukula kwa Nyika, masikweya kilomita oposa 2,000, ndipo mu 2022 inalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Koma ndi tchire la mitengo ya mombo ndi masuku, loti mukhoza kuyenda ola lathunthu osaona kanthu koma anyani ndi njiri imodzi yothawa itaimika mchira. Mwana amene anazolowera kuti akapereka tikiti chisangalalo chimayamba pomwepo, amayamba kufunsa kuti tibwerera liti. Njira yabwino ndi kusazungulira kwambiri, koma kupita ku damu la Lifupa n'kukakhala pansi. Mvuu zimakhala m'madzimo tsiku lonse, zikutulutsa makutu ndi mphuno n'kumafwenthera, ndipo m'nyengo yachilimwe njovu ndi nyama zina zimabwera kudzamwa, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ku Lifupa mawuwa ndi oona. Kwa mwana wamkuluyo, pemphani agemu akuperekezeni kukaona ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala, kapena kukwera pa Black Rock kukaona nkhalango yonse pansi.

Pakiyi itengeni ngati ulendo woyesera wa tsiku limodzi, wonyamuka m'bandakucha ndi kamba wanu wa mbatata, mazira ndi thobwa, kuti muone mmene ana anu amachitira ndi kudikira. M'nkhalango za Kasungu ndi Nkhotakota muli akashembe, ntchentche zoluma zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu ndiponso zimatsatira galimoto yoyenda, choncho valani zoyererako, za manja aatali, ndipo tsekani mawindo podutsa m'mitengo yowirira. Wina akalumidwa n'kutuluka chilonda chotupa kapena kutentha thupi patapita masiku, kuchipatala mukatchule kuti munali kunkhalango. Pali nkhani inanso imene ana a ku Kasungu sayenera kubisiridwa. Anthu okhala m'malire a pakiyi, mbali ya kuno ndi ya ku Zambia, aonongeredwa mbewu ndi njovu, ndipo ena anataya abale awo. Mwina agogo awo ali ndi achibale kumeneko. Alekeni anene maganizo awo, kuti ana adziwe kuti nyama imene iwo akuijambula ndi foni, kwa mlimi wa m'malire ndi mdani wa chimanga chake, ndipo n'chifukwa chake pamamangidwa mpanda wa magetsi.

Ngati kafukufuku wanu uja wasonyeza kuti ana amafuna kuthamanga ndi kupalasa, malo ofanana kwambiri ndi kumene anazolowera ndi Kuti, pafupi ndi tauni ya Salima. Ndi nkhalango yaing'ono yopanda mikango ndi njovu, kotero alendo amaloledwa kuyenda pansi ndi kupalasa njinga okha pakati pa mbidzi, mphalapala, nswala ndi ngoma. Kwa mwana wa zaka 9, kupalasa njinga mbidzi zikudya udzu chapafupi kumaposa kagalimoto kalikonse ka magetsi. Senga Bay ili pafupi, choncho mukhoza kugawa masiku pakati pa nyama ndi nyanja. Ulendo wa ku Salima uli ndi ubwino wina: pobwerera mukhoza kudzera ku Lilongwe n'kupatsa ana masana amodzi kumakatungwe awo aja. Ngati mutero, kumakatungweko kukhale kumapeto kwa ulendo osati kumayambiriro, chifukwa mukayambira kumeneko, ndalama ndi chidwi chawo zidzathera komweko.

Kwa agogo ndi mdzukulu wawo wamkulu, malo amene ndimawaika patsogolo ndi Mua, m'boma la Dedza, m'munsi mwa mapiri. Mishoni ya Mua inayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 bambo Claude Boucher anakhazikitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro, ndiponso zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Munthu wachikulire akalowamo amasanduka mphunzitsi, ndipo zidzukulu zimamva kwa iye zinthu zimene pakhomo sanazinenepo. Komabe kambiranani kaye ndi apongozi anu ndi bambo a kunyumba, chifukwa mabanja ena, kaya pa zifukwa za mpingo kaya polemekeza za kudambwe, safuna kuti ana aone zigoba, ndipo mwana wa zaka zinayi akhoza kuchita mantha n'kumalota usiku. Pamwamba pa mapiri omwewo pali Chongoni, pamene pali malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, pamene zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Ku Chentcherere n'kosavuta kufikako. Msewu wolumikiza Dedza ndi Golomoti, wa Khwekhwerere uja, ndi wokongola koma wokhotakhota kwambiri, ndipo mwana amene amachita mseru m'galimoto musamudyetse zamafuta musanatsike.

Kumpoto, mukapitirira Jenda n'kupatuka pamsewu wafumbi, kuli Luwawa, pakati pa mitengo ya paini ya ku Viphya, kumene kuli damu, njinga ndi tinjira toyenda m'nkhalango. Mu Julayi kumazizira koopsa, ndiye ngati agogo amadandaula nyamakazi, kusiyeni mpaka Seputembala. Nyika, ngakhale ndi yokongola, msewu wake si wa galimoto yaing'ono. Kumwera ndi ulendo wa chaka china, ana atakulako ndipo mutasunga ndalama: ku Liwonde boti la pamtsinje wa Shire limakufikitsani pafupi ndi mvuu, ng'ona ndi njovu popanda kudikira kwa ku Kasungu kuja, ndipo ku Cape Maclear, m'paki ya panyanja imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulandiridwa ndi UNESCO mu 1984, mwana wodziwa kusambira akavala magalasi a m'madzi amaona tinsomba ta mbuna tabuluu ndi tachikasu tikumuzungulira m'miyala. Ena adzakuuzani za Kulamba, mwambo wa Achewa wa kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Njira yake ndi ya ku Mchinji ndi Chipata, munthu aliyense, ngakhale mwana, amafunika chikalata chotulukira m'dziko, ndipo khamu ndi fumbi la kumeneko n'zoyenera agogo ndi wa zaka 14, osati wamng'onoyo.

Pa nkhani ya ndalama, bambo a kunyumba asayembekeze kuti ulendo wa kunkhalango kapena kunyanja ndi wotsika mtengo mwa iwo wokha. Ndalama za matikiti zimangosamukira ku mafuta, pogona ndi chakudya, ndipo pa zitatuzi chimene mungachichepetse kwambiri ndi chakudya. Funani malo okhala ndi khitchini kapena olola kudziphikira, munyamule ufa, mpunga, mafuta ophikira, shuga ndi mbaula, ndiwo mukagule komweko. Anthu 6 kudya m'lesitilanti katatu patsiku kwa masiku atatu kukhoza kuposa mtengo wa zipinda. M'mapaki, Amalawi amalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo ana amalipira zochepa kuposa akulu, kotero tengani ziphaso zanu za unzika. Imbani foni musananyamuke ndipo mufunse mafunso enieni: mtengo wa Amalawi ndi wotani, ana angagone m'chipinda cha makolo kapena ayi, madzi ndi magetsi zilipo, galimoto yotsika ingafike pakhomo, ndipo agogo adzakwera masitepe angati kuti afike kuchipinda kapena kubafa. Musatumize ndalama za chikole pafoni kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook musanatsimikize kudzera kwa wina amene anagonako. Mafuta thirani okwanira muli ku Kasungu, ndipo ngati ndi nthawi imene akusowa, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo; tayala lapadera ndi jeke zionedwe dzulo lake.

Kugona kwa achibale kumapulumutsa ndalama, koma kuli ndi mtengo wake umene umagwera inuyo, mayi. Mukafika kwa alamu kapena kwa azakhali, tchuthi chimasanduka kuzonda odwala, kupepesa maliro amene munalephera kufikako, ndi kuthandiza kukhitchini, bambo ali pakhonde kucheza. Zonsezi ndi zofunika, koma si ulendo umene mwalonjeza ana. Ngati mugone kwa abale, gonani usiku umodzi, mupite ndi kanthu m'manja monga mwa mwambo, ndipo munene pofika pomwe kuti mawa m'mawa mukupitirira. Ngakhale kumalo odziphikira, gawanani ntchito musanachoke pakhomo, kuti mwana wamkulu ndi bambo ake akhale ndi chakudya chawo chophika ndi mbale zawo zotsuka.

Posankha, musawafunse ana kuti akufuna kupita kuti, chifukwa yankho mukulidziwa kale. Inu ndi bambo musankhe malo awiri amene thumba lanu lingakwanitse, mwachitsanzo Nkhotakota ndi Salima, muwaonetse zithunzi, kenako iwo asankhe pakati pa awiriwo. Aliyense mum'patse ntchito yake. Wamkulu asunge kope la ndalama zimene zikutuluka ndipo ayang'anire njira; pamsinkhu umenewu kudaliridwa kumasangalatsa kuposa kusangalatsidwa. Wapakati alembe nyama ndi mbalame zonse zimene waona, agogo azimuuza mayina ake ndi a mitengo, chifukwa n'kutheka kuti akudziwa muwanga, mlombwa ndi mthethe kuposa wina aliyense m'galimotomo. Wamng'ono anyamule kachidebe ndi kasupuni kokumbira mchenga, pamodzi ndi chidole kapena kansalu kamene amagona nako, kuti usiku woyamba pamalo achilendo usavute. Tsiku lililonse likhale ndi chochita chachikulu chimodzi chokha, cha m'mawa, masana onse akhale a kupuma ndi kusewera.

Kunena za banja lanu mwachindunji, ndingakonze motere. Loweruka lina sukulu zikangotsekera mu Julayi, pitani ku Lifupa m'mamawa n'kubwerako madzulo. Mu Ogasiti nyamukani pakati pa sabata, pamene malo ogona sadzaza ndipo eni ake amamva mukanenerera, mugone mausiku atatu ku Nkhotakota kufupi ndi gombe: tsiku lofika likhale la mchenga ndi madzi basi, lachiwiri la mtengo wa Jumbe, mishoni ndi akasupe, lachitatu la kumtsinje wa Bua kwa amene angathe kuyenda, otsalawo ali kunyanja. Pobwerera nyamukani m'mawa kuti mudutse m'nkhalango dzuwa lili pamutu, nsomba zanu zikhale zowamba kapena za mu ayezi, ndipo mukafika lembani pakalendala tsiku lokayezetsa likodzo, limene lidzagwere chakumayambiriro kwa Okutobala, sukulu zitatsegulidwa kale.